Sabata ino ku wodi ya matenda a ubongo

Lolemba anatitumizira mtsikana wochokera ku wodi ya matenda a maganizo. Achibale anati anayamba ndi kusowa tulo, kenako kuona zinthu zoti palibe, mpaka kulankhula kunayamba kutha. Pofika kwa ife anali akugwa ngati wa khunyu, milomo ndi lilime zikungoyenda zokha. Chomalizachi ndicho chinandikayikitsa, chifukwa misala payokha sichita zimenezo kawirikawiri.

Ndinaganizira matenda a anti-NMDA receptor encephalitis, amene Josep Dalmau ndi anzake anawafotokoza mu 2007 ku University of Pennsylvania. Asilikali a m'thupi, amene ntchito yawo ndi kulimbana ndi tizilombo, amatembenukira mapuloteni olandira uthenga pa maselo a ubongo. Maselowo safa ayi. Mapuloteniwo amangokokeredwa m'kati mwa selo, uthenga n'kuleka kudutsa bwino. N'chifukwa chake odwala ambiri amachira, ngakhale zimatenga miyezi, ndipo n'chifukwa chake zimandiwawa munthu wotere akamangopatsidwa mankhwala ogonetsa.

Lachiwiri tinamutenga madzi a kumsana. MRI, sikani yojambula ubongo, inatuluka yabwinobwino, monga zimakhalira kwa odwala ambiri a matendawa. Zotsatira za kulabotale zimachedwa, ndiye sitinadikire: tinayamba mankhwala a aciclovir poopa herpes, vairasi yomwe nayonso imagwira ubongo, kenako methylprednisolone, mankhwala a steroid ochepetsa ukali wa asilikali a m'thupi.

Lachinayi sikani inaonetsa chotupa cha teratoma pa thumba la mazira. Chotupa chimenechi chimakhala ndi timinofu tofanana ndi ta ubongo, choncho thupi polimbana nacho limazolowera kuukiranso ubongo weniweniwo. Chiyenera kuchoka msanga, ndipo anzathu a opaleshoni anavomera tsiku lomwelo. Amayi a mtsikanayo anandiimitsa pakhomo.

"Adokotala, mwanayu adzandizindikiranso?"

"Mayi, mwayi ulipo ndithu, koma pakufunika kupirira," ndinawayankha.

Lachisanu kunabwera bambo wachikulire amene dzanja ndi mbali imodzi ya nkhope zimagwedezeka mwadzidzidzi kambirimbiri pa tsiku, akuiwalaiwala, mchere wa sodium utatsika m'magazi. Apa ndinakayikira puloteni ina, LGI1, imene inadziwika mu 2010 kuti nayonso imaukiridwa. Kugwedezeka kotereku sikumvera bwino mankhwala a khunyu, koma kumamvera ma steroid. Magazi awo apita kulabotale, ndipo mankhwala tawayambitsa dzulo madzulo.