Lipoti la ulendo wa ku Collegeville: zimene kochi John Gagliardi anasiyira yunivesite ya Saint John's

Gulu lathu la Amalawi okhala m'mizinda ya Minneapolis ndi Saint Paul, amene ambiri mwa ife timaphunzitsa ana mpira wamiyendo mongodzipereka kumapeto kwa sabata, linapita kukacheza ku yunivesite ya Saint John's ku Collegeville, m'chigawo cha Minnesota ku America, m'mwezi wa Okutobala, ndipo anzanga anandisankha kuti ndilembe zimene tinaona kuti amene sanathe kupita nawo amve. Cholinga cha ulendowu chinali kukaona mmene sukulu yaukachenjede yomwe si ya boma, yaing'ono ndiponso yakumudzi, inadziwikira m'dziko lonse la America chifukwa cha kochi mmodzi, malemu a John Gagliardi, amene anaphunzitsa timu ya pasukulupo kwa zaka 60, kuyambira mu 1953 mpaka mu 2012.

Tinanyamuka Loweruka m'mawa pa minibasi, n'kutsata msewu waukulu wa I-94 kulowera kumpoto chakumadzulo, ndipo titadutsa pafupi ndi mzinda wa St. Cloud tinakhota kulowa m'nkhalango mmene muli sukuluyi. Inayambitsidwa mu 1857 ndi amonke a Chibenedikito, amene mpaka lero akukhala pomwepo, ndipo ndi ya ophunzira aamuna, pamene aakazi amaphunzira ku College of Saint Benedict m'tauni yoyandikana nayo ya St. Joseph. Tinalowa mwachidule m'tchalitchi chachikulu cha konkire chimene anajambula mapulani ake katswiri Marcel Breuer ndipo chinatha kumangidwa mu 1961, koma sitinakhalitsemo chifukwa nthawi ya masewero inali itayandikira.

Masewero amene tikunena pano si mpira umene tinakula nawo kwathu, koma wa ku America uja wosongoka mbali zonse ziwiri, umene osewera amaunyamula m'manja atavala zisoti zolimba ndipo amagwetsana pansi mwamphamvu. Bwalo lawo la Clemens Stadium lili m'chigwa chozunguliridwa ndi mitengo ya paini, moti anthu ambiri amangokhala pa kapinga wa m'mbali mwa chitunda n'kumaonera. Chimene chinatidabwitsa poyamba si khamu la oonerera, ngakhale kuti sukuluyi yakhala ikutsogola zaka zambiri pa chiwerengero cha oonerera m'gulu lake la Division III (gulu la mipikisano limene mumakhala makamaka makoleji aang'ono), koma unyinji wa osewera ovala yunifolomu yofiira amene anandanda m'mbali mwa bwalo. Anali oposa 150, pamene m'bwalo mumalowa anthu 11 okha a timu iliyonse panthawi imodzi.

Amene anatilandira ndi kutiyendetsa anali bambo wina wachikulire yemwe anasewerapo m'timuyi ali mnyamata, ndipo ndiye anatifotokozera kuti unyinji umenewu ndi mwambo umene a Gagliardi anasiya: mnyamata aliyense wofuna kusewera sankabwezedwa, ngakhale atakhala wochepa mphamvu kapena wochedwa pothamanga. Apa m'pamene ndinayamba kumvetsa phindu lenileni la kochi ameneyu, ndipo ndikhalitsapo pang'ono chifukwa ndi nkhani imene tinakambirana kwambiri pobwerera.

Malamulo a Division III salola sukulu kulipirira wophunzira fizi chifukwa cha luso lake pa masewero. Choncho mnyamata aliyense amene anaima m'mbali mwa bwalo lija ndi wophunzira amene banja lake likulipira, kapena akuthandizidwa pa zifukwa za maphunziro ndi kusowa, monga wophunzira wina aliyense. Yunivesite yomwe si ya boma imadalira kwambiri fizi ndi mphatso za anthu amene anaphunzirapo, ndipo pasukulu ya ophunzira osakwana 2,000, timu ya anthu oposa 150 ikutanthauza kuti pafupifupi mmodzi mwa ophunzira khumi aliwonse ndi wosewera mpira. Ambiri mwa anyamata amenewa akanatha kusankha sukulu zina za m'chigawo cha Minnesota, koma anabwera kuno chifukwa bambo awo, amalume awo kapena kochi wawo wa kusekondale anaphunzitsidwa ndi munthu yemweyo. Ine ndikuona kuti phindu lotere silikanabwera ndi kochi wokhala zaka zisanu n'kuchoka, ngakhale atapambana zikho chaka chilichonse, chifukwa linamangidwa ndi kukhalitsa kwa munthu mmodzi pamalo amodzi mpaka ana a osewera ake oyamba anadzavala yunifolomu yomweyo.

Sikuti zikho kunalibe. A Gagliardi anabadwa mu 1926 ku Trinidad m'chigawo cha Colorado, ndipo anayamba kuphunzitsa timu ya sekondale yawo ali ndi zaka 16 pamene kochi wawo anaitanidwa ku nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Ataphunzitsa ku Carroll College ku Montana kuyambira mu 1949, anafika ku Collegeville kudzalowa m'malo mwa Johnny "Blood" McNally, ndipo m'chaka chawo choyamba anatenga chikho cha MIAC, ligi ya makoleji a ku Minnesota, chimene sukuluyi inali isanachigwire kuyambira mu 1938. Anapambana chikho cha dziko lonse kanayi, mu 1963, 1965, 1976 ndi 2003. M'chaka cha 2003 chomwecho anapitirira masewero 408 amene kochi Eddie Robinson wa ku yunivesite ya Grambling anapambana, kenako pamasewero omaliza anagonjetsa Mount Union ndi mapointi 24 kwa 6, timu imene inali itapambana masewero 55 motsatizana. Pamene ankapuma pantchito anali atapambana masewero 489, chiwerengero choposa cha kochi wina aliyense m'mbiri ya mpira umenewu m'makoleji a ku America.

Mmene ankaphunzitsira ndi mmene munabuka mtsutso pakati pathu. Wotiyendetsa uja anati pokonzekera masewero osewera sankagwetsana pansi, kochi sankaimba wenzulo, panalibe kukakamizana kunyamula zitsulo, ndipo zokonzekerazo sizinkapitirira mphindi 90. Anawonjezera kuti osewera sankaloledwa kuwatchula kuti kochi, koma ankangowaitana dzina lawo loyamba lakuti John. Mayi wina wa m'gulu lathu, amene anaphunzitsa zaka zambiri pasukulu ya mishoni asanabwere kuno, anagwira pakamwa n'kunena kuti, "Bambo, mwana wa zaka 18 kuitana munthu wa imvi ndi dzina, ulemu uli pati?" Bamboyo anaseka, nayankha kuti ulemu unali poti palibe amene ankachedwa kapena kuyankha mwamwano, ngakhale kuti panalibe wowakalipira. Sindikunena kuti mwambo wa dzinawu tiutengere, pakuti ana athu amatiitana kuti ankolo ndi anti ndipo palibe chimene chalakwika. Koma nkhani yoleka kugwetsana pokonzekera ndiyofunika kuiganizira mofatsa, chifukwa a Gagliardi anaiyamba zaka zambiri madokotala asanayambe kuchenjeza poyera za kuvulala kwa ubongo pa masewerowa, ndipo chifukwa chawo chinali chapafupi: wosewera wovulala Lachitatu sangathandize timu Loweruka.

Mnzathu wina, amene amatsatira kwambiri mpira wa masukulu akuluakulu pa wailesi yakanema, anatikumbutsa za Brian Kelly, yemwe kumapeto kwa 2021 anasiya yunivesite ya Notre Dame, yomwenso ndi ya Chikatolika ndipo si ya boma, n'kupita ku Louisiana State University (LSU) pa kontirakiti ya zaka 10 ya ndalama zokwana madola 95 miliyoni. Maganizo ake anali akuti kochi ndi wantchito ngati wina aliyense, ndipo kukhala pamalo amodzi zaka 60 kungakhale kusowa khumbo lokwera pamwamba. Ena anamutsutsa mwamphamvu, koma ine ndikuona kuti iye sanalakwe kwenikweni pa za Notre Dame, kungoti masukulu awiriwa safuna chinthu chimodzi kwa kochi. Notre Dame ili ndi dzina ndi ndalama zoti kochi akachoka imapeza wina msanga, ndipo oonerera sachepa. Saint John's inalibe dzina lotere mu 1953, moti kudziwika kwake kunja kwa Minnesota kunakula pamodzi ndi munthuyo, kufikira pamene mphoto ya wosewera wabwino koposa wa Division III inayamba kutchedwa Gagliardi Trophy mu 1993, iwo akadali pantchito.

Tinafunsanso funso lovuta, loti kodi sukulu siikhala pangozi ikamangirira mbiri yake pa munthu mmodzi amene tsiku lina adzakalamba. Wotiyendetsa sanabise kuti chaka chomaliza cha 2012 sichinayende bwino, chifukwa timu inapambana masewero asanu n'kugonja asanu, ndipo a Gagliardi anali ndi zaka 86. Sukulu sinapite kutali kukafuna wolowa m'malo, koma inasankha a Gary Fasching, amene anasewerapo m'timuyi ndipo kenako anakhala wothandizira kochi kwa zaka zambiri, ndipo pansi pawo timu inabwereranso pamwamba pa ligi. A Gagliardi anamwalira mu Okutobala 2018 ali ndi zaka 91. Bwalo lokonzekerera masewero limene tinaonetsedwa madzulo limatchedwa Gagliardi Field, ndipo nyengo yachisanu amalifunditsa denga kuti ophunzira azisewerabe chipale chikagwa.

Tisananyamuke tinagula buledi wa amonke amene pasukulupo amamutcha Johnnie Bread, ndipo wambiri anatha m'minibasi tisanafike n'komwe ku St. Cloud.

M'njira tinagwirizana kuti zokonzekera za ana athu zisamapitirire mphindi 90, ndipo pa ichi panalibe wotsutsa, makamaka makolo amene amadikirira m'galimoto kunja kukuzizira. Pa nkhani yoleka kubweza ana osadziwa bwino mpira sitinamvane. Ena anati timu yathu ya ana a zaka zosapitirira 14 imalowa m'mipikisano imene imaika malire a chiwerengero cha osewera, choncho kulandira aliyense kudzafuna kuti tilembetse matimu awiri, tibwereke bwalo kawiri ndiponso tipeze makochi ena odzipereka amene angalonjeze kukhala nafe kupitirira chaka chimodzi. Msungichuma wathu analonjeza kuwerengetsera mtengo wa timu yachiwiri, ndipo nkhaniyi yaikidwa pa mndandanda wa zokambirana za msonkhano wathu wotsatira, kumene tikupempha kuti makolo amene ana awo anabwezedwa chaka chatha adzabwere kudzalankhulapo.