Lipoti la ulendo wa ku Yerusalemu: tsiku la zidindo

Abale ndi alongo a m'gulu lathu la aphunzitsi a Baibulo, za ku Galileya ndi ku Betelehemu a Wapampando anafotokoza kale pa msonkhano wapitawu. Ine ndapatsidwa kulemba za tsiku lachisanu ndi chimodzi, lomwe tonse 14 amene tinapita timangolitchula kuti tsiku la zidindo.

Tinalawirira ku Mzinda wa Davide, kumene mayi wotiperekeza anatambasula dzanja natisonyeza kachibulumwa ka dongo kosaposa chikhadabo, kopangidwa mofanizira tenitenito. Anati kalata ikalembedwa pa gumbwa ankaipinda, kuimanga ndi chingwe, kumata dongo pa mfundo, kenaka mwini wake ankadindapo ndi kamwala kozokotedwa dzina lake. Pamene Ababulo anatentha mzindawo mu 586 Khristu asanabadwe, makalata onse anapsa, koma dongolo linauma gwaa ngati njerwa za mu uvuni, ndipo kumbuyo kwake kumaonekabe mizere ya chingwe. Mu 1982 katswiri wofukula zakale Yigal Shiloh anapeza tizibulumwa 51 m'nyumba imodzi yopserera, kena kali ndi dzina la Gemariya mwana wa Safani. Agogo athu a Mkulu wa Mpingo sanadikire kuuzidwa. Anatsegula Yeremiya 36, nawerenga ndime ya 10 mawu akunjenjemera, ndipo atafika pa mawu otchula chipinda cha Gemariya anavula chipewa. Ine ndinaona misozi yawo, ndipo sindinathe kulemba kanthu kwa kanthawi.

Zimene tinaphunzira mwachidule ndi izi. Zilembo za pa zidindozi ndi za Chihebri chakale, zosiyana ndi zamakono, zimawerengedwa kuchokera kumanja ndipo mavawelo salembedwa. Kawirikawiri chilembo choyamba ndi lamedi, kutanthauza kuti "cha uje", kenaka dzina la mwini, la bambo wake, mwinanso udindo. Maina ambiri a ku Yuda amathera ndi "yahu" pomwe a ufumu wa kumpoto amathera ndi "yaw". Zaka zake amazidziwa poona gawo la dothi limene chinthucho chapezekamo, mapale a mbiya amene ali nacho limodzi, kapangidwe ka zilembo ndiponso zithunzi, pakuti zidindo zakale kwambiri zimakonda kukhala ndi zithunzi, monga mkango wobangula wa Shema mtumiki wa Yerobowamu umene unafukulidwa ku Megiddo mu 1904, pomwe zambiri za nthawi ya Yeremiya zili ndi mizere iwiri ya mawu okhaokha.

Mkangano unayambira pa Ophel, malo okwera a pakati pa Mzinda wa Davide ndi Phiri la Kachisi. Apa mpamene gulu la katswiri wofukula zakale Eilat Mazar linapeza chidindo cha Hezekiya mwana wa Ahazi, mfumu ya Yuda, chokhala ndi dzuwa la mapiko, chomwe chinalengezedwa mu 2015. Pafupi pomwepo panapezekanso china cholembedwa Yesaya, ndipo m'munsi mwake muli zilembo zitatu, nuni, beti ndi yodi, koma m'mphepete mwake ndi mowonongeka. Mawu oti mneneri amafuna chilembo chachinayi, alefu. Abusa anaomba m'manja nati, "Ameneyu ndi mneneri Yesaya basi, wagona pambali pa mfumu yake." Aphunzitsi athu opuma, amene mukudziwa kuti sakhululukira chilembo chosowa ngakhale pa bolodi la Sande Sukulu, anayankha mwaulemu kuti, "Abusa, pepani, chimene diso silinaone tisachiwerenge. Popanda alefu, limeneli likhoza kukhala dzina la bambo wa Yesaya wina." Mayi wotiperekeza anati akatswiri nawonso sanagwirizane, ndipo aliyense wa awiriwa anamva ngati wagamulidwa mokomera.

Masana tinalowa mumsika wa mumzinda wakale, ndipo mpomwe achimwene athu a kwaya anatsala pang'ono kutaya ndalama zonse za mphatso za ana. Wogulitsa wina anawakokera pambali, nawatulutsira kamwala kofiira m'kansalu, kuti ndi chidindo cha nthawi ya Solomo, mtengo wake madola 200. Chikwama chinali chitatsegulidwa kale pamene Aphunzitsi anafika, navala magalasi, nayang'anitsitsa. Anafunsa chifukwa chake zilembozo zinali ngati za pa zikwangwani za mumsewu, komanso chifukwa chake zinkawerengeka bwinobwino pamwalapo, chonsecho chidindo chenicheni chimazokotedwa chogadama kuti chidzawerengeke pa dongo, monga chimakhalira chidindo cha amfumu kwathu. Wogulitsayo anakulunga kansalu kake mwakachetechete. Tili m'basi tinauzidwa kuti ngakhale zidindo zotchuka za Baruki mwana wa Neriya, mlembi wa Yeremiya, zimene zinatulukira kwa ogulitsa zakale osati m'dothi lofukulidwa, akatswiri ena ataziyesa anati n'zopeka. Kuyambira tsiku limenelo achimwene a kwaya timawatcha a Solomo, ndipo iwo amavomera mosangalala.

Madzulo Mayi Msungichuma anatiphikira nsima ya ufa woyera umene anausunga m'sutikesi masiku onsewo, yoyamba chichokereni kwathu. Mthiko unaiwalika, choncho anavundulira chipande chachifupi, Mayi Busa akugwira poto ndi nsalu. Nkhani ya alefu inabukanso mbale zili pakati. Abusa ankati kuyandikana kwa zidindo ziwirizo ndi umboni waukulu, Aphunzitsi nkumati kuyandikana sikulemba chilembo. Ine ndili kumbali ya Aphunzitsi, chifukwa ana amene timawaphunzitsa akadzazindikira kuti tinawonjezera chilembo chimodzi, adzakayikira ngakhale za Gemariya zomwe zimawerengeka zonse. Agogo ndiwo anatseka mlandu potema mbamu yomaliza pawiri, napatsa aliyense theka.

Tikuthokoza Mayi Msungichuma chifukwa cha ufa ndi kusamala thumba, Mayi Busa chifukwa cha mankhwala a miyendo, Abusa chifukwa chopempha Aphunzitsi kuti atseke ndi pemphero usiku umenewo, ndiponso nonse amene munasonkha koma simunapite. Pa msonkhano ukubwerawu aliyense abwere ndi dongo lofewa ndi chingwe, a Solomo alonjeza kusema dzina la Hezekiya pa sopo, chogadama.