Tizibokosi ta m'mbali mwa nyanja ndi ta pamwamba pa Table Mountain

Kuno ku Cape Town anzanga a geocaching amakonda kunyoza tizibokosi topezeka msanga. Amati kosapezeka ndi thukuta si kabokosi. Ine sindigwirizana nawo, ngakhale Lamlungu lapitali ndinakwera nawo Table Mountain ndipo ndinasangalala.

Kwa amene simunawaonepo masewerawa: munthu amabisa kabokosi n'kulemba manambala a GPS a malowo pa intaneti. Iwe umawatsata pa foni, ukakapeza umasaina pa kapepala kali m'kati, n'kukabwezera pomwe kanali. Masewerawa anayamba mu May 2000, pamene Dave Ulmer anakwirira chidebe pafupi ndi Beavercreek ku Oregon, boma la America litangosiya kusokoneza dala GPS ya anthu wamba. Kabokosi kalikonse kamapatsidwa nyenyezi 1 mpaka 5, zina za kuvuta kwa kukapeza, zina za kuvuta kwa njira.

Tinadzera ku Platteklip Gorge, mpata womwe Mpwitikizi António de Saldanha anakwerera mu 1503. Ndi masitepe a miyala okhaokha, mthunzi wochepa, miyendo kunjenjemera. Titafika pamwamba tinayendanso mpaka ku Maclear's Beacon, malo okwera kwambiri pa phirili, pa mamita 1,086. Kabokosi komwe tinkafuna kanali pansi pa thanthwe, chapatali ndi njira. Tisanamalize kusaina, mtambo uja umaphimba phiri mphepo ya kummwera chakummawa ikamaomba unatitchinga, ndipo tinathamangira ku cable car, galimoto yoyenda pa chingwe yotsitsa anthu m'phiri, tikuzizidwa. Ulendo wabwino ndithu. Koma unadya tsiku lonse, ndalama ya transipoti, ya cable car, komanso mawondo anga mpaka Lachitatu.

Apa m'pamene anzangawa samva. Ambiri a ife Amalawi kuno timagwira ntchito m'minda ya maluwa, m'makhitchini, ena kuyendetsa magalimoto usiku. Tsiku lopuma limakhala limodzi, ndipo lomwelo n'lochapa, lopita ku tchalitchi, loimbira foni kumudzi. Phiri limafuna munthu wa nthawi.

Pomwe madzulo ndikaweruka ndimatsika basi ya MyCiTi ku Sea Point, n'kuyenda m'mbali mwa nyanja kulowera ku Mouille Point. Tizibokosi ta m'tauni ndi tating'ono, tina ngati kamutu ka chala, ta maginito, tomata pansi pa benchi kapena kuseri kwa chikwangwani. Malamulo amati pakati pa tiwiri pazikhala mamita osachepera 161, choncho umayenda pang'ono, kuima, kufufuza. Chovuta si njira koma maso a anthu. Umadikira othamanga adutse, umanamizira kumanga nsapato, dzanja likupapasa pansi pa chitsulo. Ndiponso ine, munthu wakuda wochokera kunja, ndimasamala kuti alonda asandiganizire zina. Akandifunsa ndimawaonetsa foni n'kufotokoza, ndipo wina anathandiza nawo kufufuza.

Tizibokosi totere n'tomwe tandiphunzitsa mzinda uno. Nsanja yofiira ndi yoyera younikira zombo ku Green Point ndinkangoidutsa pa basi. Tsiku lomwe ndinaima pafupi nayo ndikufufuza m'pamene ndinawerenga kuti inayatsidwa mu 1824. Obisa amakonda kulemba mbiri ya malo, ndipo umaiwerenga utaima pomwepo.

Mwezi wamawa anzanga akufuna kukakwera phiri lina, Lion's Head. Ndawauza kuti ndipita ngati ayambe abwera nane ku Sea Point Lachisanu madzulo.