Mapazi a azakhali ndi mbewa za ku San Diego

Mlungu wathawu aphunzitsi anatigawira mitu yoti aliyense akawerenge payekha n'kudzafotokozera anzake m'kalasi. Ine unandigwera wa ululu wosatha, makamaka kafukufuku wofuna kuuziziritsa pogwira majini a m'maselo amene amamva kupweteka. Nditauza mayi pafoni kuti masiku ano ndikulimbana ndi majini, anayamba akhala chete, kenako anati, "Iwe, kusukuluko wayambanso zausing'anga?" Zinanditengera nthawi kuwamasulira kuti majini anga si aja ogwira anthu, koma timalangizo ta m'maselo timene timayamwira kwa makolo.

Mutuwu ndinaulandira ndi manja awiri chifukwa cha azakhali anga, amene andilola kuti ndiwatchule. Iwo anamwa kwa zaka zingapo ma ARV akale aja okhala ndi stavudine, amene amaononga mitsempha ya m'mapazi. Mankhwalawo anasiyidwa kalekale, koma mapazi awo sanabwerere mwakale. Usiku amafunda bulangete thupi lonse n'kusiya mapazi panja. Zikafika povuta amadzuka n'kuwaviika m'beseni la madzi ozizira. Amati, "Mwanawe, zimakhala ngati ndaponda makala, chonsecho ukandibaya ndi singano sindimva bwino." Dzanzi ndi moto pamalo amodzi. Panado sachita kanthu. Amitriptyline amathandizako, koma amawasiya ndi tulo komanso kukamwa kouma.

Chimene sindinkachimvetsa poyamba ndi pomwe pamakhala selo lomva ululu. Ndinkaganiza kuti lili pakhungu. Ayi, thupi lake limakhala m'timfundo tondandana m'mbali mwa msana, timene m'mabuku amati dorsal root ganglia. Kuchokera apo limatulutsa kachingwe kogawikana pawiri: mbali ina imatsika mpaka kuchala chaphazi, mtunda wa pafupifupi mita imodzi, ina imalowa mumsana kupereka uthenga wopita ku ubongo. Pakachingweko pali timakomo tolowetsa sodium, mchere wina wa m'thupi, ndipo kulowa kwakeko ndi kumene kumayambitsa kamagetsi konyamula uthengawo. Timakomoti tilipo ta mitundu 9, koma kamene kadya nthawi yanga yonse ndi Nav1.7, kopangidwa motsatira jini ya SCN9A. Ntchito ya kakhomoka ndi kukuza kaphokoso kakang'ono kuti kafike poti selo liyankhe.

Mbiri ya khomo limeneli inayambira mumsewu kumpoto kwa Pakistan. Kunali mnyamata wina amene ankasonkhanitsa anthu podzibaya mipeni m'mikono ndi kuyenda pamakala amoto osatsinzina n'komwe. Anamwalira ali ndi zaka pafupifupi 14 atadumpha padenga la nyumba. Geoffrey Woods ndi James Cox a ku Cambridge anapeza ana ena 6 a m'mabanja atatu a dera lomwelo amene sanamvepo kupweteka chibadwire, ndipo mu 2006 analengeza kuti onsewo jini yawo ya SCN9A inali yakufa. Anawo ankamva kukhudzidwa, kutentha ndi kuzizira. Koma milomo ndi malilime zinali zolumidwalumidwa, ndipo ena ankathyoka mafupa osadziwa. Zaka ziwiri izi zisanachitike, ofufuza a ku China ndi ku America anali atapeza zosemphana nazo: kwa anthu a matenda a erythromelalgia khomo lomweli limatseguka mopyola muyezo, ndipo manja ndi mapazi zimafiira n'kumayaka.

Nditafika apa ndinalemba m'kope mwanga ndi zilembo zikuluzikulu kuti yankho lapezeka, ingotsekani khomolo. Ndinadziona wochenjera kwa tsiku limodzi lokha. Makampani opanga mankhwala anaganiza zomwezo ndipo akhala akuyesa kwa zaka zambiri, koma mapilitsi otseka Nav1.7 akhala akukhumudwitsa akafika poyesedwa pa anthu. Vuto lina n'lakuti timakomo 9 tija timafanana kwambiri, ndipo kena mwa ito ndi kamene kamayendetsa kugunda kwa mtima, choncho sungangothira mankhwala ochuluka. Vuto lachiwiri linandidabwitsa. Mu 2015 gulu la John Wood ku University College London linapeza kuti mbewa zopanda Nav1.7 zimapanganso enkephalin wambiri, amene ali ngati mofini wa thupi lenilenilo. Atapereka naloxone, mankhwala oletsa mphamvu ya mofini, kwa mayi wina wobadwa wosamva ululu, anamva kupweteka koyamba m'moyo wake. Chodabwitsa china n'chakuti anthu oterewa samvanso fungo. Pilitsi limene lakwanitsa kuvomerezedwa ku America, mu Januwale 2025, ndi suzetrigine, koma limagwira khomo loyandikana nalo la Nav1.8, ndipo ndi la ululu wa masiku ochepa monga wa pambuyo pa opaleshoni.

Ndiye anthu ena anati bwanji tisiye kulimbana ndi chitseko, tipite kwa kalipentala wochipanga. Mu 2021 Ana Moreno ndi Prashant Mali a ku University of California San Diego anagwiritsa ntchito CRISPR, njira yosinthira majini, koma yochotsedwa mano. Cas9 wamba, amene ndi lumo la CRISPR, amadula DNA, ulusi umene pamalembedwa majini. Uyu sadula, amangopita kukakhala poyambira pa jini ya SCN9A, atanyamula kachidutswa kotchedwa KRAB kamene kamaletsa selo kuwerenga jiniyo. Malangizo onsewa anawalongedza m'kavayirasi kotchedwa AAV n'kuwabaya m'madzi a mumsana mwa mbewa, njira yomweyo imene achipatala amalowetsera singano akamayeza matenda oumitsa khosi. Poyesa njirayi ndi ina yofanana nayo yotchedwa zinc finger, jakisoni mmodzi ankachepetsabe ululu wa kutupa patatha masabata 44, ndipo wa mitsempha yoonongeka ndi mankhwala a khansa patatha masabata 15. Mbewazo zinkayendabe bwinobwino. Mnzanga wokhala naye chipinda, wa ku Dedza, anafunsa ngati mbewa zoterozo zingadyeke zikatha ntchito. Sindinamuyankhe.

Nzeru yotuma vayirasi si yatsopano. David Fink ndi Joseph Glorioso anagwiritsapo ntchito herpes simplex, kachilombo ka zilonda za pamilomo, chifukwa mwachibadwa chake kamakwera ndi mtsempha kuchokera pakhungu n'kukabisala m'timfundo tija. Aliyense amene anadwalapo mashingozi akuidziwa njira imeneyi, chifukwa mbale wake wa kachilomboka, woyambitsa katsabola, amagona momwemo kwa zaka n'kudzatsika ndi mtsempha umodzi ngati lamba. Fink ndi Glorioso anafoola kachilombo ka herpes simplex kaja, n'kukapatsa jini ya enkephalin, ndipo anayesa pa odwala khansa 10. Zotsatira za mu 2011 zinali zolimbikitsa, koma kuyesa kwa gawo lachiwiri sikunaonetse phindu lokwanira.

Pamene mtima wanga wakakamira ndi pa khate. Ndili mwana kwathu kunali bambo wina wokalamba wa zala zoduka, ndipo tonse tinkati khate ndilo linadya zalazo. Tsopano ndikudziwa kuti kwakukulu khate limapha mitsempha, kenako munthu amagwira mphika wotentha kapena kuyenda tsiku lonse ndi msomali mu nsapato osamva, chilonda n'kumanyeka mpaka fupa. Ndi zomwezinso zimene zimadulitsa miyendo ya odwala shuga. Choncho ndikamva mawu oti kuthetsa ululu ndimachita nthumanzi. Azakhali amafuna moto wausiku uja uzime, koma amaphikabe pa nkhuni ndipo amalima osavala nsapato. Kwa ine ubwino wa njira ya Moreno ndi wakuti imafooketsa jini osaifafaniza, ngati kuchepetsa wailesi m'malo moiphwanya. Komabe pilitsi likakuvuta umangosiya kumwa, pomwe vayirasi ikalowa m'selo la mtsempha, limene siligawikana, palibe woitulutsamo. Ndiponso poyesa AAV wambiri pa anyani, ofufuza anaona maselo a m'timfundo tomweto akuonongeka.

Za mtengo sindinena zambiri. Zolgensma, mankhwala a majini ogwiritsa ntchito AAV pa matenda ena a ana, anatuluka mu 2019 pamtengo wa madola 2.1 miliyoni kwa mwana mmodzi.

Dzulo ndinawaimbira azakhali n'kuwafotokozera zonsezi mmene ndikanathera. Anamvetsera mpaka pa jakisoni wa pamsana, apo anandidula. "Wa pamsana? Uja amati akakubaya sudzuka?" Ndinawauza kuti nthawi zambiri chimapha anthu ndi matenda amene anawabweretsa kuchipatala mochedwa, osati singanoyo. Anati amva, koma kaya. Kenako anandituma kuti ndikamabwera patchuthi ndiwagulire beseni lina, lakale lija lang'ambika.