Lamulungu la mvula, ababa ndi mlatho wa pa Kwai

Mvula yayamba m'mamawa ndipo mpaka pano ikadawaza. Tabwera kutchalitchi titanyowa, palibenso amene anafuna kutuluka. Ababa ali kuno sabata yachiwiri chifukwa cha mwendo wawo, ndiye titatha kudya ndinati ndiwaikire filimu, asamangoyang'ana pazenera. Ndinasankha The Bridge on the River Kwai ya David Lean, ya 1957. Ndinaionerapo kalekale, koma chomwe ndinkakumbukira ndi likhweru lija basi, asilikali a ku Britain ogwidwa pa nkhondo akuguba kulowa mu kampu ya Ajapani, nsapato zili mbwembwembwe.

Tinalipo anayi: ine, ababa, mayi a kunyumba ndi muphwa wanga wa zaka 14.

Muphwayu sanachedwe kutopa. "Amalume, nanga nkhondoyo iyamba nthawi yanji?" Iye anazolowera mafilimu amene mfuti imalira filimu ikangoyamba. Iyi ayi. Mbali yaikulu ndi amuna awiri ouma mitu akuyang'anizana. Colonel Nicholson, mkulu wa akaidiwo, amene ndi Alec Guinness, akukana kuti akuluakulu a asilikali agwire ntchito ya manja, akuti pangano la ku Geneva lokhudza akaidi a nkhondo likuletsa. Colonel Saito, mkulu wa kampuyo, amene ndi Sessue Hayakawa, akumutsekera m'kachisakasa ka malata padzuwa lowotcha. Atamutulutsa ali dzandidzandi, Saito atagonja, mayi a kunyumba anaomba m'manja ngati tili ku mpira.

Chimene chandigwira mtima lero chinabwera pambuyo pake. Nicholson atapambana, akuganiza zomangira Ajapani mlatho wa njanji wabwino koposa, kuti aone luso la Angelezi komanso kuti anyamata ake asafooke. Mpaka odwala akuwadzutsa m'chipatala kuti akathandize. Ifenso osadziwa tinayamba kuukonda mlathowo. Pamene gulu lina la asilikali a mbali ya Angelezi, lotumidwa kudzauphulitsa, linautchera mabomba usiku, m'mawa madzi n'kuphwa, waya n'kuonekera, mayi a kunyumba anati, "Koma asauphulitse, anthu avutika nawo." Inenso mumtima ndinali komweko.

Apa m'pamene ababa analankhula, atakhala chete nthawi yonseyi. "Sitima imeneyo ikupita ku Burma. Kumeneko n'kumene kunali agogo ako."

Ndinachita manyazi, ndipo manyazi ake sanandichokebe. Agogo anali mu King's African Rifles, m'gulu la anyamata a ku Nyasaland amene anakamenya nkhondo ndi Ajapani ku Burma mu 1944. Njanji ya mufilimuyi ntchito yake inali kunyamula asilikali ndi zida kupita komweko. Ndiye kuti kwa ola lathunthu ndinkachemerera mlatho wodutsapo zipolopolo zokaombera anthu ngati agogo. David Lean anachita dala. Anafuna kuti woonera akodwe mu msampha womwewo umene Nicholson anakodwamo, adzadzidzimuke limodzi naye kumapeto, zinthu zitaipa kale. Pamenepa filimuyi ndimaipatsa ulemu, ndipo sindidabwa kuti inalandira ma Oscar 7.

Koma pali china chimene sindikuikhululukira. Njanji yeniyeni, ya makilomita 415 kuchokera ku Thailand mpaka ku Burma, inatha mu Okutobala 1943. Akaidi a nkhondo amene anaimanga anali pafupifupi 60,000, ndipo oposa 12,000 anafera komweko ndi njala, kolera, kamwazi, malungo ndi zikoti. Anthu wamba a ku Asia amene anawagwiritsa thangata pa njanjiyo anafa ochuluka zedi kuposa apa, pafupifupi 90,000. Mufilimu simuwapeza. Akaidi akuonekawo ndi a matupi abwino, pamene a pa zithunzi zenizeni ndi nthiti zokhazokha. Ambiri opulumuka anakwiya nayo, makamaka chifukwa cha Philip Toosey, mkulu weniweni wa akaidi pa mlatho wa ku Tamarkan, amene anyamata ake ankamulemekeza chifukwa chowateteza, osati chokondweretsa adani. Ngakhale mapeto ake si mmene zinalili: mlatho weniweniwo anauphulitsa ndi ndege mu 1945. Malo akuonekawonso ndi a ku Ceylon, kumene pano timati Sri Lanka.

Itatha, aliyense anatuluka ndi filimu yakeyake. Muphwa anakonda mphindi zomaliza zokha, sitima ikugwera mumtsinje, ndipo anapempha kuti tibwezeko. Mayi a kunyumba anamvera chisoni Saito, pamene paja analira ali yekha m'chipinda. Ababa sananene kuti ndi yabwino kapena yoipa. Anangoti agogo sankakonda kukamba za ku Burma, kupatula za mvula yosatha ndi misundu imene inkalowa m'majombo, ndipo kuti mvula ikagwa usiku ngati ya lero ankadzuka n'kukhala pakhonde mpaka kucha.

Madzulo ano ndamupeza muphwa atakhala pamkeka pafupi ndi mpando wa ababa, foni ataiika pansi. "Agogo, nanga bambo anu ku Burma anapita bwanji, pa ndege?" Ababa anati pa sitima ya pamadzi, masiku ambirimbiri. Ati chithunzi cha agogo atavala yunifolomu chili kumudzi, m'sutikesi ya azakhali. Ndalonjeza kuti tikawaperekeza mwendo ukachira, muphwayu tidzapita naye.