Zikomo inu nonse amene mwandithandiza kulera mwana wanga

Mwana wanga wamkazi anabadwa ndi matenda osowa otchedwa osteogenesis imperfecta. Thupi lake silipanga bwino kolajeni, chinthu chimene chimalimbitsa mafupa, ndiye amathyoka msanga ngati phesi louma. Mwendo wake unathyoka koyamba ndikumusintha thewera. Achibale ena anati alodzedwa, ena anati ndimamumenya. Ndinalira, koma kumubisa m'nyumba ndinakana.

Adokotala, inu amene munaona kuti moyera mwa maso ake muli mwabuluu, zikomo. Munatiuza kuti n'chibadwa, palibe wolakwa. Usiku umenewo bambo ake anamuika pachifuwa mpaka anagona.

Akondakitala a kombi (minibasi) ya ku Mbare, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, dzina lanu sindilidziwa. Munaletsa anthu kukankhana pakhomo, n'kutipatsa mpando wakutsogolo, n'kuuza adalaivala kuti pamabampu aziyenda pang'onopang'ono. Mwina munaiwala kale, ine ayi.

Akalipentala a ku Glen View, munayeza msana wake ndi chingwe, n'kumukhomera kampando koyala siponji, ndalama n'kukana.

Koma amayi anzanga a mpingo wa CCAP ku Highfield, inu ndiye mwandipukuta misozi. Munakhala pamphasa n'kuphunzira kumunyamula: dzanja limodzi kunsi kwa matako, lina kumutu ndi kumsana, osamugwira m'khwapa. Lero mumachita kulimbirana kuti amutenge ndani, ine n'kupumako.

Pano wakwanitsa zaka 6. Lamlungu lapitali anaimba nanu ali pakampando kake kaja, mawu ake kumveka mpaka panja. Mulungu akudalitseni.