Bonongwe wa mmunda mwa amalume wandiphunzitsa epigenetics

Holide ino ndili kwa Kamwendo kuno ku Mchinji, ndipo notsi zomwe ndinabwera nazo ndi za epigenetics, phunziro la momwe majini (malangizo a chibadwa olembedwa mu DNA) amatsekedwera ndi kutsegulidwa DNA yosasintha, lomwe landizunguza semesita yonse. Ndalimvetsa ndili mmunda mwa amalume, osati mkalasi.

Zinali chonchi. Amalume anagula botolo limodzi la glyphosate, mankhwala opha udzu, munda ndi waukulu, ndalama ya lina panalibe, ndiye anati tizithira pang'onopang'ono mu sipuleya kuti akwanire paliponse. Patatha masabata awiri udzu wambiri unauma, koma bonongwe ndi khovani wa mmbali mwa chulu anangochita chikasu, masamba kupindika, mvula itangogwa basi waphukiranso. Ndinanjuta nkuyang'anitsitsa bonongwe mmodzi, kunsonga kopserera koma mmunsimu timasamba tatsopano tobiriwira bwinobwino. Ndinadzifunsa kuti kodi mkati mwa kachomera aka mwachitika chani masiku onsewa?

Glyphosate anayamba kugulitsidwa mu 1974 ndi dzina la Roundup. Amatseka enzyme (puloteni yoyendetsa ntchito mkati mwa chomera) yotchedwa EPSPS, yomwe chomera chimapangira ma amino acid atatu, tizinthu tomangira mapuloteni, ndiye akasowa amenewa chimafota mpaka kufa. Pofika 1996 ku Australia anapeza udzu wa ryegrass wosafa nawo, kenako ku Georgia ku America kunabuka Palmer amaranth, mbale wake weniweni wa bonongwe wathuyu, yemwe mbewu zina zinapezeka ndi makope oposa 100 a jini ya EPSPS. Makope ambiri amapanga enzyme yambiri, ndiye mankhwala akatseka ina, ina ikugwirabe ntchito. Izi sizinandivute chifukwa apa DNA yasinthadi.

Chomwe chimandikanika ndi choti chomera chitha kusintha khalidwe popanda kusintha chilembo ngakhale chimodzi cha DNA. Panopa ndimachiganizira ngati nkhokwe. Chimanga chilimo ndithu, palibe waba, koma pakhomo pamangidwa ndi luzi ndiye simungatapemo. Jini ikatsekedwa ilipobe koma siwerengedwa. Luzi lakelo ndi kachinthu kotchedwa methyl komwe kamamatidwa pa cytosine, chimodzi mwa zilembo zinayi za DNA, komanso DNA imakulungidwa pa mapuloteni otchedwa histone ngati ulusi pa kamtengo, ikakulungidwa mothina kwambiri palibe chowerengeka. Ndipo pali tima RNA (mbale wake wa DNA) tating'ono ta zilembo 24 tomwe timalozera poti pamangidwe. Womasula aliponso, enzyme ya ROS1, ntchito yake kuchotsa methyl ija.

Nkhani yomwe ndimaikonda ndi ya 1990, pomwe asayansi Napoli ndi Jorgensen anawonjezera jini ya mtundu mu maluwa a petunia kuti akhale apepo kwambiri, mmalo mwake ena anatuluka oyera. Chomera chinatseka jini yobwerayo pamodzi ndi yake yomwe.

Nanga mankhwala opha udzu akubwera pati? Chomera chili ndi ma enzyme osungunula poizoni, monga cytochrome P450 ndi GST. Chimanga sichifa ndi mankhwala opha udzu a atrazine chifukwa GST yake imawaphwanya msanga asanachite kanthu. Ndiye funso limakhala loti majini a ma enzyme amenewa ndi otsegula kapena omangidwa, ndipo atsegulidwa mwachangu bwanji chomera chikapwetekedwa. Mu 2017 ofufuza anathira glyphosate wochepa, wosafika pakupha, pa kachomera ka mu labu kotchedwa Arabidopsis, ndipo methyl anasintha malo ambirimbiri mu DNA yake. Enanso anapeza kuti Arabidopsis wopanda ROS1 amapweteka kwambiri ndi mankhwala ena opha udzu, imazethapyr, kuposa wabwinobwino. Apa mpamene ndinaona kuti kumanga ndi kumasula kuja si nkhani ya pa mayeso chabe ayi. Ndipo mu zomera zizindikiro zina za methyl zimatha kudutsa mpaka ku njere, nchifukwa chake asayansi ali kalikiliki kufufuza ngati zobwera ndi mankhwala zimafikanso kwa ana.

Za mlingo wochepazi zinandikhudza kwambiri, poti ndi zomwe timachita tonse kuno ndalama ikavuta. Asayansi Neve ndi Powles mu 2005 anaonetsa kuti ryegrass wothiridwa mankhwala ochepa, nkumasiya opulumuka kuti aberekane, pakangodutsa mibadwo itatu amakhala atalimba kale. Bonongwe mmodzi amabala njere masauzande.

Madzulo ndinawafotokozera amalume tikukhala pakhonde. Anamvetsera mpaka kumapeto kenako anati, "Mphwanga, zako za luzi ndazimva, koma botolo lina ugula ndiwe?" Ndinalibe ndalama, ndipo sindingawanene, feteleza yekha wawatha mphamvu chaka chino. Tinangogwirizana kuti ulendo wina tidzapopera gawo limodzi ndi mlingo wolembedwa pa botolo, kwinako khasu. Mmawa mwake tinadzuka ndi makasu kukazula bonongwe yense wa pachulu asanachite maluwa, ndipo ndinawauza azakhali kuti ameneyu asatengeko wa ndiwo.